Masiku a viza ndi miyendo ya munthu wopuma pantchito

Pali msewu wa njinga womwe umayambira kunyanja ya Atlantic m'dziko la France n'kukathera ku Black Sea m'dziko la Romania. Dzina lake ndi EuroVelo 6. Umatsata mtsinje wa Loire, umagwirako Rhine pang'ono, kenaka umalondola Danube mpaka kumunsi kwenikweni, ndipo kutalika kwake n'kopitirira makilomita 4,000. Mnyamata wamphamvu zake yemwe amadula makilomita 120 patsiku angaumalize mwezi ndi theka usanakwane. Munthu wa msinkhu wanga, yemwe zikayenda bwino amatha makilomita 50 kapena 60, ndipo pakapita masiku atatu kapena anayi thupi limapempha tsiku lathunthu lopuma, amafunika miyezi yoposa itatu. Tsono mayiko ambiri omwe msewuwu umadutsamo ali m'chigawo cha Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, komwe mlendo saloledwa kupitirira masiku 90 pa masiku 180 aliwonse. Lamulolo silifunsa kuti unabadwa liti.

Masamu amenewa ndi omwe anthu sawaganizira akamva kuti munthu wopuma pantchito akupalasa njinga yekha kuchoka dziko lina kulowa lina. Iwo amafunsa za mawondo. Mawondo amapirira ndithu ukamawamvera. Chomwe chimapanikiza n'chakuti thupi lokalamba limafuna kuyenda modekha, chidindo cha m'pasipoti chimafuna utuluke tsiku lake lisanakwane, ndipo mvula, chisanu ndi mphepo nazo sizidikira munthu. Ulendo wonse umakhala wofunafuna poti zimenezi zigwirizane. Paja amati wopuma pantchito nthawi ali nayo yambirimbiri. Pakhomo n'zoona. Ukangodutsa chipata cha pamalire, masiku ako amakuwerengera ndi anthu ena.

Komanso zipata sizitsegukira aliyense mofanana. Ndakumana ndi anzanga apanjinga omwe pasipoti yawo imawalowetsa pafupifupi paliponse, amangofika, kudinditsa, n'kumapita. Enafe ulendo timauyamba miyezi ingapo tisanakhudze njinga, tili pamzere ku ofesi ya kazembe. Viza ya Schengen sungaipemphe kukadali miyezi yoposa 6 kuti unyamuke, ndipo kawirikawiri amafuna uipemphe uli m'dziko lomwe umakhala, osati uli kale panjira. Amafunanso inshulansi ya zachipatala yosachepera ma euro 30,000, umboni wa komwe uzikagona, ndi umboni woti udzatuluka. Nanga wapanjinga angadziwe komwe akagone Lachinayi la sabata ya mawa? Zimatengera mphepo, mvula ndi bondo. Kupatsidwa viza sikutanthauzanso kuti masiku 90 onse ndi ako: akhoza kukulembera okhawo omwe waonetsa papepala la ulendo wako. N'chifukwa chake dongosolo la ulendo ndimalilemba mwatsatanetsatane, tawuni ndi tawuni, ndi masiku opuma omwe, n'kuphatikizapo kalata yofotokoza kuti ndikuyenda pa njinga ndipo ndimayenda pang'onopang'ono. Pamenepa kalata ya penshoni imandithandiza kwambiri. Imaonetsa kuti ndalama imalowa mwezi ndi mwezi ndiponso kuti sindikupita kukasaka ntchito, zomwe mnyamata yemwe wasiya ntchito kuti ayende amavutika kutsimikizira.

Pa msewu wa Danube uja pali kampata kamodzi. Serbia siili mu Schengen, choncho masiku omwe uli kumeneko salowa m'gulu la 90 aja. Yemwe wakonza bwino amapumira komweko, amachapa, amakonzetsa njinga, n'kudutsa mosathamanga pa Iron Gates, pomwe mtsinjewo umapanikizika pakati pa mapiri a miyala, Serbia tsidya lino, Romania tsidya linalo. Koma kuti ukalowenso mu Schengen ku Romania kapena ku Bulgaria, viza yako iyenera kukhala yolowera kangapo, ndipo Serbia nayo ili ndi malamulo ake olowera ofunika kuwadziwiratu. Njira ina, yomwe ine ndimaikonda kwambiri, ndi kuudula ulendo m'zigawo: chaka chino kuchoka apa kufika apo, chaka chamawa kuyambira pomwe unalekezera. Mtsinje suthawa. Achinyamata sazikonda zimenezi poti amafuna mzere umodzi wosaduka pamapu, ndipo ndimawamvetsa. Kwa ife, kukakamira mzere wosaduka kumatanthauza kupalasa tsiku lomwe thupi lakana, ndipo umo ndi momwe anthu amavulalira.

Wina angafunse kuti mavuto onsewa n'ngachiyani, munthu utagwira kale ntchito zaka zambirimbiri. Yankho langa lili m'miyezi yoyamba nditapuma. Palibe yemwe anandichitira choipa. Kungoti foni inasiya kulira, ndipo anthu anayamba kundiyankhula mofatsa mopitirira, ngati munthu yemwe zake zatha, wongoyenera kupatsidwa mpando pamthunzi. Masiku anayamba kufanana moti Lachiwiri ndi Lachisanu sindinkawasiyanitsa. Panjinga tsiku lililonse lili ndi ntchito yake yooneka ndi maso: kupasula tenti, kumanga katundu, kupeza madzi, kukwera chitunda chomwe chili patsogolo, kupeza pogona dzuwa lisanalowe. Palibe wondichitira, ndipo chimodzi chikalephereka thupi limamva usiku womwewo. Ndimafuna kuti zomwe ndasankha m'mawa zikhale ndi tanthauzo pofika madzulo. Malire amawonjezerapo chinthu chomwe wokwera ndege sachiona. Umaona ndi maso ako mmene dziko lina limathera ndi mmene linzake limayambira, mmene madenga a nyumba, mbewu za m'minda ndi moni wa anthu zimasinthira pang'onopang'ono chipata chikadali kutali, ndipo nthawi zina sizisintha n'komwe ngakhale mbendera yasintha, anthu a mbali zonse ziwiri ali pachibale.

Pachipata penipeni njinga imasokoneza. Si galimoto, choncho nthawi zambiri safunsa mapepala ake, msonkho wa msewu kapena inshulansi yake. Koma iwe sulinso woyenda pansi, chifukwa uli ndi katundu yemwe sungalowe naye mu ofesi. Malire ena amakulozera mzere wa magalimoto, ena wa oyenda pansi, ndipo alipo ena, makamaka a pamilatho ikuluikulu ndi pamisewu ya magalimoto othamanga, omwe njinga saziloleza n'komwe, umayenera kuikweza basi kapena lole. Zimenezi umafunsiratu kwa omwe adutsapo posachedwa, poti zimasinthasintha. Ubwino wake, mzere wa malole wotalika makilomita angapo, madalaivala atagona masiku pansi pa malole awo, iwe umangoudutsa cham'mbali. Kuipa kwake, uli wekha. Palibe wokuyang'anira njinga ukalowa kukadinditsa. Ine ndimaitsamiritsa pomwe ndingaione pawindo kapena pafupi ndi mlonda, ndimaikiya, ndipo kachikwama ka pahandulo momwe muli pasipoti, ndalama, foni ndi mankhwala sikachoka m'manja mwanga. Ndimafika m'mawa, kuti ngati pabuka vuto lithe kukadali kowala, ndiponso kuti ndikagone kutali ndi tawuni ya pamalire. Ndisanachoke pawindo ndimavala magalasi n'kuwerenga chidindo: tsiku lolowa, ndi masiku omwe andilembera. Ofesala wotopa akhoza kulemba 30 pomwe umayembekeza 90, ndipo ukadzazindikira uli makilomita 400 mkati mwa dziko, kubwerera pa njinga ndi sabata yathunthu.

Imvi zimathandiza pamalire, ndisabise. Maofesala ambiri ndi a msinkhu wa ana anga. Akaona chaka chobadwa m'pasipoti, n'kusuzumira panja kuona njinga yolemedwa ndi zikwama, nkhope imamasuka. Mafunso amayamba ndi a ntchito, n'kuthera pa ongofuna kudziwa: mumagona kuti, simuopa, akunyumba anakulolani bwanji? Wina anaitana anzake onse a mu ofesi kuti adzandione, n'kundidzazira madzi ozizira m'mabotolo. Si konse kuli chomwecho. Pamalire ena ofesala anagwira pasipoti yanga n'kunena kuti pali kandalama kena koyenera kulipira, kopanda lisiti. Ndinamuyankha mwaulemu kuti ndilipira ndithu akandilembera lisiti, ndipo ndinakhala pabenchi n'kutulutsa kamba wanga. Apa mpomwe nthawi ya munthu wopuma pantchito imaoneka phindu lake. Dalaivala wa basi anthu akumudikira, wamalonda katundu wake akuwonongeka, onsewo amangopereka kuti azipita. Ine tsiku limenelo ndinalibe kothamangira. Dzuwa lisanafike paliwombo pasipoti inabwera yodinda. Sindinakweze mawu ngakhale pang'ono, ndipo sindingalangize munthu kukangana ndi wovala yunifolomu kudziko la eni.

Chomwe ndimachiopa kuposa chipata ndi tsiku loyamba m'dziko latsopano. Taonani za pa Rusumo, pomwe mlatho wa pamtsinje wa Kagera umalumikiza Tanzania ndi Rwanda. Ku Tanzania magalimoto amayenda kumanzere, ku Rwanda kumanja. Wotchi imabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi. Majumbo, omwe apanjinga timakonda kukulungamo zovala ndi mapepala poopa mvula, ndi oletsedwa ku Rwanda kuyambira mu 2008, ndipo akhoza kukusecha zikwama. Tanzania nayo inawaletsa mu 2019. Ndalama ndi ina, nambala ya foni ndi yofunika kugula ina, ndipo zitunda zimayamba nthawi yomweyo. Pa zonsezi choopsa ndi mbali ya msewu. Podutsa pamlatho umakumbukira, poti zikwangwani zilipo ndipo mtima uli tcheru. Ngozi imadikira mawa lake m'mamawa, ukutuluka pomwe unagona, msewu uli zii, thupi n'kungolowera mbali yomwe lazolowera kuyambira ubwana. Ine kagalasi koonera kumbuyo ndimakasamutsa ndikadali pachipata, ndipo ndimamanga kansalu kofiira pahandulo ya mbali yomwe ndiyenera kutsata. Kusintha mbali ya msewu kotereku kumachitikanso pa Moyale pochoka ku Kenya kulowa mu Ethiopia, ndiponso pochoka ku Thailand kulowa mu Laos. Tsiku lotere ndimayenda mtunda waufupi dala. Kwa osintha ndalama a pamalire ndimasintha zochepa chabe, nditadziwiratu mtengo wake, ndipo ndimawerenga zawo ndisanapereke zanga. Zambiri ndimakatenga pa ATM m'tawuni yoyamba. Madola osungira pamavuto amakhala atsopano ndi osang'ambika, chifukwa akale ndi othimbirira amakanidwa m'malo ambiri.

Nthawi zina dziko latsopanolo limakulandira ndi tchire. Pa Kazungula, pomwe kale anthu ankawoloka Zambezi pa pantoni, mu 2021 anatsegulapo mlatho wa mamita 923 wolumikiza Zambia ndi Botswana, womwe anaumanga mokhota kuti usakhudze Zimbabwe kapena Namibia. Kuuwoloka pa njinga, madzi ali tetete pansi pako, n'chinthu chokoma zedi. Koma kuchoka pamenepo kukafika ku Nata ndi makilomita pafupifupi 300, midzi ili patalipatali, madzi osowa, njovu zikudutsa pamsewu mmene zafunira. Mnyamata amaudula mtundawo masiku awiri kapena atatu. Ine ndinawerenga madzi omwe ndingasenze, ndinawerenga makilomita anga a patsiku, masamu anakana, ndipo mbali ina ya msewuwo njinga ndinaikweza pagalimoto. Ndikunena zimenezi poyera chifukwa pakati pa apanjinga pali kamtima koti wokwera basi kapena sitima wabera. Wabera ndani? Palibe mpikisano. Munthu wa zaka 65 yemwe wagona m'tchire la njovu madzi atamuthera, chifukwa choopa kunenedwa, sanapambane kalikonse. Viza ikatsala pang'ono kutha, kapena msewu ukakhala wa malole okhaokha wopanda pothawira m'mbali, ndimakwera, mtima uli m'malo.

Mphamvu zopalasira tsiku lonse sizichoka msanga ndi ukalamba. Robert Marchand wa ku France anapalasa makilomita opitirira 22 pa ola limodzi mu 2017 ali ndi zaka 105. Chomwe chimachoka ndi kuchira msanga. Kutopa komwe kale kunkatha ndi tulo ta usiku umodzi tsopano kumatenga masiku awiri, ndipo kukaunjikana kumatulukira m'bondo kapena mumsana. Choncho magiya opepuka kwambiri ndi ofunika kuposa china chilichonse panjinga, miyendo izizungulira mofewa ngakhale pachitunda, osaponda mwamphamvu. Chitunda chikakula ndimatsika n'kumakankha. Kenaka pali ludzu. Munthu akamakula thupi limachedwa kumuuza kuti madzi achepa, ndiye ukadikira kumva ludzu wachedwa kale. Ine ndimamwa poyang'ana wotchi. Kwa omwe amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, makamaka aja okodzetsa, kapena a shuga, nkhaniyi ndi yokambirana ndi dokotala ulendo usanayambe, chifukwa kupalasa maola ambiri padzuwa kumasintha mmene mankhwalawo amagwirira ntchito m'thupi. Kumapiri aatali nkhani imakula kuposa apa. Msewu wa Pamir ku Tajikistan, womwe apanjinga ambiri amaulakalaka, umakwera mpaka mamita 4,655 pa Ak-Baital, umafuna chilolezo chapadera cha chigawocho, ndipo umayendeka bwino m'miyezi yochepa ya nyengo yotentha. Malo otere munthu wa msinkhu wathu asapiteko mtima wake usanapimidwe bwinobwino.

Mankhwala nawo amawoloka malire, ndipo ali ndi malamulo awo. Mapiritsi omwe kwanu umagula mosavuta akhoza kukhala oletsedwa kwina. Aja opha ululu okhala ndi codeine kapena tramadol ndi omwe amaika anthu m'mavuto kawirikawiri. Anga ndimanyamula m'mapaketi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala yotchula dzina lenileni la mankhwalawo, osati la kampani lokha, popeza mayina a makampani amasiyana dziko ndi dziko. Ndimawagawa m'zikwama ziwiri. Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever limafunsidwa m'malire ambiri a mu Africa ndi ku South America. Kuyambira mu 2016 kubayitsa kamodzi kumawerengedwa kuti n'kwa moyo wonse, koma yemwe sanabayitsepo ndipo wapitirira zaka 60 akambirane kaye ndi dokotala, poti pamsinkhu umenewo katemerayu amatha kuvuta. Wa chiwewe ndimamulimbikitsa kwa aliyense, chifukwa agalu amathamangitsa njinga kulikonse. Inshulansi ndi pomwe ambiri amagwera. Makampani ena amakweza mtengo kapena kukana kumene munthu akafika zaka 65 kapena 70, ena amaika malire a masiku a ulendo umodzi, ena salipira ngozi ya panjinga ngati njingayo ndiyo mayendedwe ako enieni, ndipo matenda omwe unali nawo kale ukapanda kuwatchula amakana kulipira. Pepalalo uliwerenge lonse, ndi timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi tomwe. Palinso kapepala kena komwe achinyamata sakadziwa: mabungwe ambiri a penshoni amafuna umboni nthawi ndi nthawi woti ukadali moyo. Ukauphonya uli kunja ndalama imaima, ulendo n'kuima nayo. Tsiku limenelo ndimalilemba pamodzi ndi masiku a viza.

Njinga yokha sindiitayira mawu ambiri. Ikhale yolimba ndi yosavuta kukonza. Felemu yachitsulo ikathyoka wowotcherera wa m'tawuni iliyonse angailumikize. Matayala okhuthala, masipoko angapo apadera, chubu, zigamba, pampu, mafuta a tcheni. Chishalo chikhale chomwe wazolowerana nacho kwa miyezi, osati chogula dzulo. Katundu achepe, chifukwa chilichonse chomwe wanyamula poti mwina udzachifuna udzakwera nacho chitunda chilichonse. Ndi kagalasi kaja. Pa zoopsa zonse za panjira, zilombo ndi akuba omwe, ine ndimaopa kwambiri galimoto. Ndikaona malole awiri akudzapatukana pomwe ndili, ndimachoka mumsewu. Usiku sindipalasa.

Nanga bwanji ndekha? Chifukwa choyamba n'chapafupi: n'kovuta kupeza munthu wa msinkhu wako yemwe thanzi, nthawi, ndalama ndi chilakolako zamukwanira pa nthawi imodzi ndi iwe. Ngakhale atapezeka, liwiro la anthu awiri achikulire silifanana, ndipo mmodzi amakhala akudzikakamiza kuti asachedwetse mnzake. Kudzikakamiza kumeneko n'komwe kumavulaza. Ndikakhala ndekha ndimaima pomwe bondo lanena, popanda wopepesa kwa iye. Chinanso, anthu awiri amacheza okhaokha, ena amangowaonera patali. Munthu mmodzi wa imvi atakhala pansi pa mtengo ndi njinga yake, aliyense amamuyandikira. Ndagonapo m'makalasi, pabwalo la tchalitchi, pabwalo la mzikiti, kuseri kwa polisi, ndi m'nyumba za anthu omwe sitinkamvana chiyankhulo koma tinacheza mpaka usiku ndi manja ndi zithunzi za adzukulu za pafoni. Palinso gulu la pa intaneti la Warmshowers, momwe apanjinga amalandirana m'makomo mwaulere. Kulandiridwa kotere ndi ngongole yomwe sindingathe kubweza kwa eni ake, choncho ndimayesetsa kusawalemetsa. Ndimafika ndi kanthu m'manja, ndimanyamuka m'mawa, ndipo pomwe ndaona kuti chakudya n'chochepa sindilola kuti andipatse gawo la ana.

Kusungulumwa kulipo, ndipo kuli ndi nthawi yake. Masana sikubwera, poti msewu umadzaza mutu. Kumabwera chakumadzulo, utakhoma tenti kapena utatseka chitseko cha kachipinda kolipira, utaona chinthu chokongola masana koma palibe womufunsa kuti, "Munaziona zija?" Kumakula kwambiri ukadwala. Kutsegula m'mimba kapena malungo uli wekha, m'dziko lomwe sungathe ngakhale kufunsa njira ya kuchipatala, kumakukumbutsa zaka zako. Walira mvula walira matope, ndimadziwa, koma kudziwako sikuchepetsa usiku. Masiku otere sindisankha chilichonse chachikulu ndili wodwala, wanjala kapena wonyowa. Ndimapeza bedi, ndimapita kukapimitsa, ndimadya, ndimagona. Maganizo osiya ulendo akakhalapobe nditachira, ndiye kuti ndi oona, ndipo ndimawamvera.

Ndimaganiza kawirikawiri za Anne Mustoe, mayi wa ku England yemwe anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya atsikana. Mu 1987, ali ndi zaka 54, anasiya ntchito n'kunyamuka ku London pa njinga yekha, kulowera kum'mawa, mpaka anazungulira dziko lonse. Sanali katswiri wa masewera. Anapitiriza maulendo otere kwa zaka zoposa 20, ndipo anamwalira mu 2009 ku Aleppo m'dziko la Syria, atadwala ali paulendo wina wa panjinga, ali ndi zaka 76. Ena akamva mathero amenewo amati ndi umboni woti nkhalamba izikhala pakhomo. Ine ndimaona zaka zonse zomwe mayiyo anakhala akuchita chomwe mtima wake unkafuna. Komabe kumwalirira kutali n'kowawa kwa otsala, ndipo yemwe akufuna moyo wotere ayenera kulola a m'banja mwake anene zakukhosi asananyamuke.

Kwathu yemwe anayamba ndi mwana wanga wamkazi. Anandifunsa mosapsatira: "Bambo, mukakagwa kumeneko, ife tidzadziwa bwanji? Tidzakutengani bwanji?" Funsoli ndi loyenera, ndipo kuliyankha ndi nthabwala n'kumulakwira mwana. Ine ndikamasangalala pamsewu nkhawa imatsala ndi omwe amandikonda, ndiye ndi udindo wanga kuichepetsa mmene ndingathere. Tinakhala pansi. Anawerenga inshulansi, ndi ndime yonena za kunditengera kuchipatala chachikulu kapena kubweretsa thupi langa kumudzi. Chikalata cha chuma chamasiye ndinalemba. Ana ali ndi makope a pasipoti ndi viza, nambala zoimbira kubanki khadi likatayika, ndi mapu a njira yomwe ndikutsata. Foni yanga imawaonetsa pomwe ndili netiweki ikakhalapo, ndipo tinagwirizana kuti padutse masiku angati ndili duu asanayambe kufunsa ku ofesi ya kazembe, kuti kusamveka kwa tsiku limodzi kusawasowetse tulo. M'kachikwama ka pahandulo muli kakhadi kolembedwa dzina langa, gulu la magazi anga, mankhwala omwe ndimamwa ndi nambala ya kunyumba, m'Chingerezi ndi m'chiyankhulo cha dziko lomwe ndili. Mayi akunyumba njinga saikonda, ndipo sananamizirepo kuti amakondwa ndikamachoka. Anangoti, "Pitani, koma tsiku lomwe thupi lidzakane, mudzanene zoona." Ndinawalonjeza, ndipo lonjezo limenelo ndimalisunga kuposa ena onse.

Makilomita anga a patsiku akuchepa chaka ndi chaka, ndipo njira ndikuzisankha motengera zimenezo. Mapiri akuluakulu ndikuwasiya, ndikutsata mitsinje ndi magombe, komwe msewu uli wathyathyathya ndipo midzi ili pafupipafupi. Anzanga ena asamukira ku njinga za batire, ndipo sindiwanyoza, zawabwezera zaka zingapo za pamsewu zomwe akanazitaya. Vuto lake kwa woyenda kutali n'lakuti ndege zonyamula anthu sizilola batire yopitirira 160 Wh (muyeso wa mphamvu yomwe batire imasunga), pomwe ya njinga nthawi zambiri imakhala 400 kapena kuposa. Ndiye umayenera kubwereka kapena kugula batire komwe ukupita, kapena kuyenda pa sitima, ndipo usiku uliwonse umafuna magetsi, kugona paliponse kuja n'kutha. Pakadali pano ndikadali pa miyendo yanga. Ndaika giya ina yopepuka kwambiri kumbuyo, ndachotsa zikwama ziwiri zakutsogolo, ndipo tenti ndikuisiya pa maulendo omwe pogona sipasowa. Dokotala wa mawondo ndikaonana naye mwezi wamawa, ndipo njira ya chaka chino ndidzaisankha nditamva zomwe anene.